Mphepo Kumsana kwa Osmond Catwell

Ku Tent Bay kwathu kunalibe munthu wozengereza ngati Osmond Catwell. Ukamupatsa moni m'mawa, ankayamba wayang'ana kunyanja, kenako kumapazi ake, yankho n'kudzatuluka iwe utadutsa kale. Podya ankatsala yekha patebulo. Mabwato akamapita kokasaka nsomba zouluka, lake linkatuluka pomalizira, iye ataima kuchiwongolero ngati munthu amene akumvetsera nyimbo ya kutali. Koma munthu yemweyo akagwira mpira wa kiriketi, kumbali yathu yonse ya chilumba cha Barbados kunalibe amene ankakondwa kuima patsogolo pake ndi thabwa lomenyera.

Ine ndine Darnley, mlamu wake. Zimene ndikunenazi ndikuzidziwa bwino, chifukwa ndine ndinkanyonyomala kumbuyo kwa timitengo titatu timene woponya amafuna kugwetsa, kuwakha mipira imene womenya waiphonya. Ena liwiro la Osmond ankaliona ndi maso, ine ndinkalimva m'zikhatho.

Tinakulira limodzi. Tili ana tinkasewera pamchenga madzi akaphwera, thabwa lathu lili phesi la kokonati, mpira uli wa nsanza zokulunga ndi mphira. Osmond ndiye anayamba kuzindikira kuti mchenga suli umodzi. Kumtunda, kumene dzuwa laumitsa, mpira unkangoti phu n'kufera pomwepo. Kumunsi, kumene funde langochoka, mchenga uli gwa ndi kunyezimira, mpira unkatsetsereka ngati nsomba n'kukupeza m'miyendo usanatsitse thabwa. Choncho iye ankadikira funde, ali chiimire ndi mpira m'manja.

"Ponya iwe, tifere pano?" tinkakuwa motero.

"Dikirani nyanja isese kaye."

"Nyanja ndi azakhali ako kuti izikusesera?"

Funde likabwerera ankaponya, ndipo amene watukwana uja ndiye ankapita kwawo akutsimphina.

Titakula tinalowa timu ya m'mudzi. Bwalo lathu linali pamwamba pa chitunda, mbali ina phompho loyang'ana kunyanja, mbali ina minda ya nzimbe. Mkati mwa sabata nkhosa zinkadyapo msipu. Pakati pake panali kachigawo koponyerapo mpira, ka dothi lamakande, kamene tinkakathirira ndi kukasalaza ndi chigudumu chachitsulo mpaka kukawala ngati mbale yatsopano. Mphepo kwathu imachokera kunyanja pafupifupi chaka chonse, ndipo Osmond ankafuna kuti izimukankha kumsana. Ankayambira liwiro lake kufupi ndi phompho, mwakuti kwa ine wonyonyomala zinkaoneka ngati munthu akutuluka m'madzi: mutu wokha poyamba, kenako mapewa, kenako malaya oyera atafufuma ndi mphepo.

Mapazi oyamba anali aulesi ngati a masiku onse. Kenako ankayamba kutalika, kutalika, mpaka pofika pamzere woponyera munthuyo ankadumpha n'kutembenuka chammbali, dzanja lamanzere litaloza kumwamba, maso akusuzumira paphewa. Kamphindi kameneko ankakhala ngati walendewera m'malere. Ndiye mwendo wakutsogolo unkatera nji ngati mzati, thupi lonse n'kugwera pamwamba pake, mkono wamanja wosapindika n'kudutsa mokhudza khutu. Zala ziwiri zinkakhala uku ndi uku kwa msoko wa mpira, ndipo ndi zimene zinkausiya pomalizira.

Anthu ankati ali ndi mkono wa chiwanda. Iye ankakana.

"Mkono wanga ndi wofanana ndi wako, Darnley. Liwiro limachokera pansi, limakwera m'mwendo, limadutsa kumsana. Nthaka ikakana, ine ndilibe kanthu."

Ndipo sankanama. Nyengo yodula nzimbe, dzuwa likaumitsa kachigawo kaja, mpira uli watsopano wofiira psuu, mphepo ili kumsana, ndinkabwerera m'mbuyo mpaka kutalikirana kwambiri ndi timitengo, komabe mpira unkandipeza pachifuwa ukukwerabe. Masiku amenewo ndinkaika kachidutswa ka nyama yaiwisi m'magolovesi kuti zikhatho zisaphulike. Koma kukagwa mvula, Osmond yemweyo ankasanduka munthu wamba. Phazi linkaterera potera, mpira unkamupulumuka m'zala ngati sopo, ndipo ukagunda dothi lofewa unkafika kwa ine wotopa. Mpira ukakalamba n'kufewa, chimodzimodzi. Tsiku lina kaputeni wathu anamuuza kuti aponye kuchokera kunzimbe, moyang'anizana ndi mphepo. Atamaliza anadzandinong'oneza kuti zinali ngati kuthamanga m'madzi ofika m'khosi.

Mchemwali wanga Ermine ankagulitsa zitumbuwa za nsomba pansi pa mtengo m'mbali mwa bwalo. Osmond ankagula chimodzi, n'kuima pomwepo osadya, akuyang'ana mitambo. Zinatero nyengo ndi nyengo mpaka Ermine anatopa.

"Osmond, ndikalambe iwe ukuwerenga mitambo? Ngati uli ndi mawu, lankhula. Ngati ulibe, choka, ukunditchingira ogula."

"Ndimati ndidikire tsiku labwino," iye anatero.

"Lero lavuta chiyani?"

Osmond anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti lerolo silinavute kanthu. Anakwatirana chaka chisanathe, ndipo mwana wawo anamutcha Verna.

Ndiye kunabwera chaka cha chilala. Zitsime zinatsika, nkhosa zinadya msipu mpaka mizu, ndipo madzi othirira bwalo panalibe amene akanayerekeza kuwapempha. Kachigawo kaja kanang'ambika ming'alu yolowa chala. Loweruka lina tinalandira timu ya kuminda ya nzimbe, ndipo woyamba kumenya kumbali yawo anali a Lisle Husbands, telala wamfupi, wapakamwa, wobwera pabwalo ndi buluku lositidwa ngati akupita ku ukwati. Masiku amenewo kunalibe zipewa zolimba zoteteza mutu. Iwo anavala kachipewa kansalu kosoka okha.

Osmond anayendera ming'alu ija mwakachetechete, n'kuuza kaputeni kuti nthakayo sakuikonda. Kaputeni anati alendo abwera kale, masewero sangalephereke.

"Ndamva kuti kuno kuli msodzi woponya mpira," anakuwa a Husbands akukonza kachipewa. "Ali kuti? Ndamubweretsera singano, akasoke maukonde ake."

Anthu anaseka. Mphepo tsiku limenelo inali yamphamvu, youma, yonyamula fumbi. Mpira woyamba unadutsa bwinobwino, a Husbands n'kuuweramira monyoza. Wachiwiri unatera m'mphepete mwa mng'alu. Mpira woti ufike m'chiuno unanyamuka ngati wapsa ndi moto, n'kukawapeza kuseri kwa khutu lamanzere. Phokoso lake linali ngati la kokonati wagwa pamwala. Kachipewa kanauluka ndi mphepo, mwini wake ali gone pansi, miyendo ikunjenjemera.

Tinawanyamula pa chitseko cha kanyumba kosinthiramo zovala, n'kuwakweza lole ya nzimbe kupita kuchipatala kutauni. Osmond sanayandikire. Anangoima pamzere pamene anaponyera paja, manja ali lende, mpaka bwalo lonse linatsala lopanda munthu.

A Husbands anachira, koma khutu lija linafa. Osmond anasiya kiriketi. Loweruka ankapita kunyanja ngati tsiku lina lililonse, ndipo pobwerako ankayenda ulendo wonse wa kuminda ya nzimbe ndi nsomba m'dengu, kukazisiya pakhomo pa telala, n'kubwerera osagogoda. Anachita zimenezo mpaka a Husbands anatuma uthenga kudzera mwa ine: "Kamuuze mlamu wakoyo kuti nsomba zakwana. Masuti a anthu akununkha doko."

Nthawi imeneyo anyamata ambiri ankakwera sitima ya pamadzi kupita ku Mangalande kukafuna ntchito, ndipo Osmond, amene sanafulumirepo pa chilichonse, anali m'gulu la oyamba. Ermine anatsala ndi mwana. Za kumeneko sindinazione ndi maso anga. Anadzandiuza yekha patapita zaka, tili m'bwato, tikudikira nsomba.

Anapeza ntchito m'fakitale yowomba nsalu, m'tauni ya utsi kumpoto kwa dzikolo. Anzake a pantchito atamva kumene akuchokera, sanamufunse n'komwe ngati amasewera. Anangomupatsa mpira. Iye anaulandira chifukwa choopa kukana anthu a eni dziko. Koma atafika pabwalo anapeza udzu wobiriwira wonyowa ngakhale pamalo poponyera, kumwamba kuli bii, kuzizira kolowa m'mafupa. Anavala majuzi awiri. Zala sankazimva, phewa linali ngati chitseko chadzimbiri. Anathamanga, anaponya ndi mphamvu zake zonse, mpira n'kumira m'dothi lofewa n'kufika kwa womenya ngati mwana wotumidwa.

"Ndinaseka, mlamu," anandiuza. "Azungu aja anadabwa. Munthu wamenyedwa mpira mpaka kunja kwa bwalo, koma akuseka. Ine ndinkangoti, kuno sindingaphe munthu."

Kumeneko n'kumene anaphunzira kuponya kwina. Tsiku lina ali ndi chimfine, mitambo itatsika mpaka pamadenga, analibe mphamvu yothamanga. Anafupikitsa liwiro, anapukuta mbali imodzi ya mpira pabuluku mpaka kuwala, anapendeketsa msoko pang'ono, n'kuuponya mosakakamiza. Mpira unayenda molunjika, ndiye pakati pa ulendo unakhota wokha m'malere ngati mbalame yasintha maganizo. Womenya anamenya mphepo, kamtengo n'kugwa. Anayesanso, unakhotanso. Kuyambira pamenepo ankadzuka Loweruka n'kusuzumira pawindo, akaona mitambo yolemera n'kukondwa, iye amene anakulira padzuwa. Anagwetsa timitengo tambiri m'matauni a kumeneko osasiya chipsera pa munthu.

Komabe ankati pantchito, thonje likamauluka m'fakitale, ankaliona ngati thovu la mafunde, ndipo makina akamalira iye ankamva nyanja ikumenya miyala ya ku Tent Bay. Kapitawo ankachita kumugwedeza paphewa. Bambo ake atamwalira, bwato n'kutsala pamtunda lopanda mwini, ananyamula sutukesi yake n'kubwerera kwawo. Verna anali atayamba kale sukulu, ndipo anathawira kuseri kwa amake poona mlendo wamtali wovala jekete.

Tinamukoka kuti abwerere m'timu, ndipo anavomera, poganiza kuti abwera ndi kuponya kwake kwatsopano. Koma kwathu kumwamba kumakhala mbee, ndipo dothi louma limakala mpira n'kuuchotsa kuwala msanga. Ankathamanga pang'ono, n'kuponya mofatsa, mpira osakhota. Anyamata amene anali ana asukulu iye akuchoka ankaumenya mpaka kukagwera m'nzimbe. Iye ankangomwetulira, n'kudikira kuti akautole.

Loweruka lina, masewero atatha, tinaona kamunthu kakafupi kakubwera pakati pa bwalo, mutu utapendekera kumbali kuti khutu lamoyo likhale patsogolo. Anali a Husbands. Ugonthi unawawonjezera mawu, moti ankalankhula ngati akuitana bwato lili pakati pa nyanja.

"Iwe msodzi! Zimene ndaona lerozi n'chiyani? Ku Mangalande anakuphunzitsa kuponya mazira?"

"A telala, pepani," anayamba Osmond, maso ali pansi.

"Wati chiyani? Lankhulira mbali iyi, inayo unatenga kale!"

"Ndati pepani."

"Pepani wakoyo ndinamudya ndi nsomba zija, anatha. Tamvera mphwanga. Aliyense wobwera kudzayesa suti ndimamuuza kuti khutu ili linatengedwa ndi woponya woopsa kuposa onse kuno kummawa. Anthu amavula chipewa. Tsono abwere kuno adzaone iwe ukuponya ngati agogo akudyetsa nkhuku, adzati chiyani? Adzati Husbands anagwa pa njinga ataledzera! Unanditengera khutu, ukufuna unditengerenso mbiri?"

Ermine, amene ankalongedza madengu ake pafupi, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Nthaka ija inali yong'ambika," anatero Osmond.

"Ndiye sankha yosang'ambika! Timu yanga ikubwera mwezi wamawa. Ndidzayamba ndine kumenya. Ukadzandiponyera mazira ndidzakuchititsa manyazi pamaso pa mkazi wako."

Sabata ya masewerowo kunagwa kamvula kabwino pakati pa sabata, kenako dzuwa. Osmond anakoka yekha chigudumu chija madzulo aliwonse akachoka kunyanja. Loweruka m'mawa anavula nsapato n'kuyenda pakachigawo konse ndi mapazi, pang'onopang'ono, akumvetsera ndi zidendene. Panalibe mng'alu ngakhale umodzi. Dothi linali lolimba, losalala, lowala. Mphepo inkabwera kuchokera kunyanja mosalekeza, yonunkhira mchere.

A Husbands anafika pamalo awo ndi buluku lositidwa, imvi zili mbuu m'mphepete mwa kachipewa. Mpira woyamba Osmond anauponya mofatsa. Iwo sanaumenye n'komwe. Anautsekereza ndi thabwa, anautola ndi dzanja, n'kuupukuta pamalaya.

"Dzira lako ili, silinasweke. Kaphike."

Osmond analandira mpira uja. Anayenda, kupitirira pamene ankayambira masiku amenewo, kupitirirabe, mpaka anakazimirira kuseri kwa chitunda, kuphompho. Ine ndinayamba kubwerera m'mbuyo osauzidwa ndi munthu. Bwalo lonse linati zii. Ngakhale nzimbe zinkamveka kuwayula.

Kenako mutu unatulukira, mapewa, malaya ofufuma. Sindikudziwa ngati ena anaona zimene ndinaona ine, koma kwa ine zonse zinayenda pang'onopang'ono ngati kumaloto. Mapazi ake sankamveka. Anadumpha, analendewera m'malere nyanja yonse ili kumbuyo kwake, ndiye mwendo unatera. Mpira sindinauone. Ndinangomva khwaa, n'kuona kamtengo kapakati kakuzungulira m'mwamba, kakubwera kwa ine, kakudutsa paphewa langa n'kukagwa kutali kataduka pakati. Thabwa la a Husbands linali likadali m'mwamba.

Telala uja anayang'ana kumbuyo, anayang'ana Osmond, n'kuponya kachipewa kake kumwamba.

"Mwaona? Mwaona inu? Ndi ameneyu! Ndinkanama ine?"

Anatola zidutswa za kamtengo kaja n'kutuluka m'bwalo akuvina, ngati kuti ndiwo apambana. Osmond anakhala pansi pamzere pomwepo, anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Nditamufika pafupi sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo sindinamufunse.

Anaponyanso mwaliwiro zaka zingapo pambuyo pake, koma mwa kufuna kwake. Nthaka ikakhala yabwino ankathamanga kuchokera kuphompho. Kukachita mitambo, mvula ili pafupi, ankatulutsa kuponya kwa ku Mangalande kuja, ndipo nthawi zina mpira unkamumvera. Akapeza ming'alu ankabweza mpira kwa kaputeni n'kukakhala pansi pa mtengo ndi Ermine, kumuthandiza kukulunga zitumbuwa, ndipo panalibe amene ankalimbana naye. Maondo ndi amene anadzamuletsa. Bwato analipereka kwa mwana wa mchimwene wake, iye n'kumaluka miono pakhonde.

Verna anakwatiwa kutauni, kumadzulo kwa chilumba, ndipo atakalamba Osmond anazolowera kukwera basi Lachisanu lililonse kukaona zidzukulu, atanyamula nsomba zokazinga m'kathumba. Ankakonda mpando wa pawindo. Basi ikayamba kukwera zitunda, kudutsa m'minda ya nzimbe, tulo tinkamugwira, ndipo kawirikawiri ankapitirira potsikira pake mpaka kudepoti. Makondakitala onse ankamudziwa. Ankamudzutsa mwaulemu, "Bambo Catwell, tafika," iye n'kutsika, n'kuyenda wapansi kubwerera kwa mwana wake osadandaula.

Lachisanu lina kondakitala anamugwedeza, koma sanadzuke. Mutu unali utatsamira pagalasi, chipewa chili pamaondo, kathumba ka nsomba kakadali kofunda m'manja mwake. Mayi amene anakhala naye mpando umodzi anati njira yonse ankaganiza kuti mkuluyo akugona bwino, moti anachita kutsika mosamala kuti asamudzutse.

Uthenga unatipeza ine ndi Ermine tili pakhonde, iye akusenda chinangwa. Anamvetsera mpaka mnyamata wa uthengayo anamaliza. Anaika mpeni m'mbale, anapukuta manja pa epuloni.

"Nsomba zija anawapatsa ana?" anafunsa.

Mnyamatayo anati Verna anazitenga kudepoti pamodzi ndi chipewa.

"Chabwino," anatero Ermine. "Achimwene, ndithandizeni kutsitsa sutukesi pamwamba pa kabati. Suti yawo yakuda ili m'menemo, ifunika kusita."

Tinalowa m'nyumba, ine ndinakwera pampando, iye atagwira miyendo ya mpandowo kuti ndisagwe.